Dzanja Limene Linazimitsa Makina

Izi sindinachite kumva. Ndinalipo ine Wendell, ndipo a Hagedorn, oyang'anira chipinda cha makina, anamwalira akuchitirabe umboni.

Pa koleji yathu ku Ohio, ku America, bungwe la ophunzira uinjiniya okhoza bwino linali ndi mwambo wake. Wolowa kumene ankapatsidwa kamkuwa kokhakhala kuti akapukute yekha mpaka kawale ngati galasi. Akazi sankaloledwa. Tinawatsegulira khomo mu 1969, mochedwa mochititsa manyazi, ndipo woyamba anali Loretta Pruski, amene masamu ankatisiya kutali tonsefe.

Tsiku lina chakumadzulo, kukuzizira koopsa, ine ndi Loretta tinatsikira kuchipinda chapansi kukapukuta. Palibe anamuuza kuti amange tsitsi. Tikanaganiza bwanji, ife ometa ngati asilikali?

"Iwe Wendell, kakoko kakuoneka ngati mbatata yootcha," anatero.

"Pukuta kako, mayi, usandiyambe."

Anawerama pa gudumu lopukutira. Kenaka ndinamva kafungo ka sopo wa maluwa, m'chipinda chonunkha girisi. Tupa linayamba kulira pa benchi yakumbuyo. Kwee, kwee. Panalibe munthu.

Tsitsi la Loretta linagwera kutsogolo. Gudumu linaligwira. Anakuwa. Mutu wake unkakokedwa. Ine ndinangoima nkumayang'ana.

Phaa! Makina onse zii.

Chogwirira chozimitsira magetsi chinali pakhoma lakutali, pafupi ndi benchi ija. Chinali chitatsitsidwa.

A Hagedorn anatsika akuthamanga, nkudula tsitsilo ndi sizasi. Loretta anadzuka, akuseka uku akulira. Ndinakhala pansi, mtima kuti myaa. Sindinasangalalepo chotero chibadwire.

"Wazimitsa ndani?" anafunsa a Hagedorn.

"Si ine, bwana."

Anakhudza chogwiriracho. "Nchofunda," ananong'ona. "Nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kunali mtsikana kuno, Edna. Ankaposa anyamata onse, koma mkuwa anam'mana. Benchi yake inali iyi."

"Ali kuti?" anafunsa Loretta.

"Anatisiya kalekale, mwanawe."

Loretta anapukuta misozi. "Ndipatseni kamkuwa kena. Ndipukuta tiwiri."

Kachiwiriko anakasiya pa benchi ya Edna. Mkuwa ukasiyidwa umada, aliyense amadziwa. Kameneko mpaka lero kakuwala, ndipo palibe amene amavomera kuti amakapukuta.