Makombo a ku Nyambadwe

Chaka chimene anthu ankakweza zala ziwiri m'misewu ya Limbe pofuna zipani zambiri, Adil analonjeza chinthu kuseri kwa khitchini ya makolo ake ku Nyambadwe. Anali mnyamata wa Fomu 2, ndipo mawa lake ankakwera ndege ya ku Mangalande, chifukwa bambo ake ankaopa kuti masitolo a amwenye atenthedwa zinthu zikasokonekera.

Anapeza Alefa atakhala pa kreti, mbale ili pamiyendo. Alefa, wantchito wa panyumbapo, ndiye anamulera. Anamubereka kumsana, ndipo Chichewa chinalowa m'kamwa mwa Adil kudzera mwa iye Chigujarati, chinenero cha makolo ake, chisanalowe. M'mbalemo munali mpunga wosakanizika ndi msuzi wa anthu angapo, ndi fupa la nkhuku limene Adil mwini wake analiluma n'kulisiya. Nyumba ija inkayenda motero kuyambira kale. Abwana adye, alendo adye, zobwerera m'mbale n'zimene antchito ankagawana. Adil anakula akuziona, koma tsiku limenelo zinamulasa mtima.

“Amayi Alefa, ndikadzabwerako simudzadyanso makombo a m'nyumba muno,” anatero. “Mudzakhala patebulo, ndipo mbale yoyamba kupakulidwa idzakhala yanu.”

Alefa anaseka, n'kumupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. “Pita ukaphunzire, Adilu. Tebulo silithawa.”

Adil anabwerera imvi zitayamba kale. Ku Leicester, ku Mangalande kuja, anaphunzira, anakwatira, banja linatha, ndipo chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Mzinda wa Blantyre umene anausunga m'mutu nthawi yonseyo sanaupeze. Phiri la Ndirande linali litametedwa mpala. Mtsinje wa Mudi unkamveka fungo munthu asanauone. Nyumba imene ankaoneramo kanema inali itasanduka tchalitchi chokuwa ndi zimkuzamawu kuyambira m'mawa. Oitanira minibasi ankamutcha bigi, ndipo akawayankha m'Chichewa chake chakale ankagwa ndi phwete, amvekere mmwenyeyu akuyankhula ngati wailesi ya nthawi ya chipani chimodzi. Makolo ake anali atagona kumanda. Nyumba ya ku Nyambadwe inali m'manja mwa mchemwali wake Aaliya, amene anakweza mpanda n'kuikapo waya wamagetsi.

Chimene chinamuwawa kuposa zonse anachiona kuseri kwa hotela ina m'tauni. Antchito ankakhuthulira mpunga woyera mbee m'mbiya ya zinyalala, ana a mumsewu akudikira patali kuti mlonda atembenuke. Ku Leicester Adil ankathandiza pa malo ena amene ankasonkhanitsa chakudya chotsala m'masitolo n'kugawira osowa. Anaganiza zochita chimodzimodzi. Anasesa nyumba yakale yosungiramo katundu ya bambo ake ku Limbe, anagula mafiriji ndi zidebe zokhala ndi zivindikiro, analemba dalaivala wina dzina lake Twaha, n'kulemba pakhoma kuti Nkhokwe ya Onse.

Malamulo ake anali okhwima. Ankalandira buledi wadzulo, ndiwo zamasamba zimene sizinagulidwe, ndi chakudya chotsala m'mapoto chimene munthu sanachikhudze. Zobwerera m'mbale ankazikana kwamtuwagalu. Popeza masabata oyamba chakudya chinkasowa m'njira, analamula kuti chidebe chikadzaza chimatidwe ndi tepi pomwepo, ndipo asachitsekule wina aliyense mpaka chikafike ku Limbe. Ngakhale zinali choncho, anthu a pamzere sankatchula dzina lolembedwa pakhoma lija. Ankangoti tikupita ku Makombo. Adil akamva mawuwo ankaluma mano.

Za Alefa sanaiwale. Aaliya anamuuza kuti anamupumitsa ntchito miyendo itayamba kutupa, ndipo kuti ankakhala ku Chilobwe, kapena ku Manja, iye samakumbukira bwino. Adil anapita ku Chilobwe kamodzi. Anafunsa amayi ogulitsa tomato, anafunsa okhoma zidebe, ngati akudziwa mayi wachikulire dzina lake Alefa. Onse anamubwezera mafunso. Mfunda wake ndani? Mwana wake woyamba ndani? Kwawo n'kuti, amapemphera mpingo uti? Mayi amene anamusambitsa, kumudyetsa ndi kumutonthoza Adil ankamudziwa ndi dzina limodzi lokha, loitanira wantchito. Anabwerera akudziuza kuti adzapitanso. Koma ntchito inachuluka, ndipo kunena zoona, kudyetsa khamu la anthu osawadziwa kunali kopepuka kusiyana ndi kufunafuna munthu mmodzi.

Kenaka unafika ukwati wa Saniya, mwana wa Aaliya. Loweruka kunali phwando lalikulu, ndipo mpunga wa biriyani wotsala m'mapoto anadzaza zidebe mpaka galimoto ya Twaha inalemedwa. Lamlungu m'mawa mzere wa ku Nkhokwe unakhota mpaka kuseri kwa msika. Masana ake kunali phwando lachiwiri, la akuchimuna, limene analikonzera pabwalo la ku Nyambadwe chifukwa iwo anali alendo ochokera ku Durban. Adil anavaliratu zovala zaphwando, ndipo popeza manja anachepa, tsiku limenelo anaima yekha pakhomo kugawa majumbo.

Ankagawa mofulumira, maso ali pa wotchi. Foni italira anaigwira ndi dzanja lamanja, jumbo n'kupereka ndi lamanzere. Wolandirayo sanatambasule manja.

“Dzanja lamanja, Adilu.”

Foni inatsala pang'ono kugwa. Patsogolo pake panaima gogo wamfupi, wowerama, atatsamira ndodo. Mapazi anali otupa moti patapata ankangogwira zala zokha. Nkhope sakanaizindikira. Koma mawuwo anali omwe aja amene ankamudzudzula ali mwana akapereka kapu kwa mlendo ndi dzanja lolakwika.

Anamutulutsa pamzere, anthu akung'ung'udza kuti kukondera kwayamba, n'kumukhazika pampando wa mu ofesi. Anamuuza kuti anamufunafuna ku Chilobwe konse. Alefa anapukusa mutu. Anati dzina loti Alefa linatsala kuseri kwa khitchini ya ku Nyambadwe. Ku Chilobwe palibe angaitane munthu wamkulu ndi dzina lake ngati mwana. Kumeneko iye ndi a Nambewe, kapena make Jailos, ngakhale Jailosiyo anamwalira n'kumusiyira adzukulu atatu. Ku Nkhokwe anayamba kubwera mvula yapita ija isanagwe, ndipo iye anamuzindikira Adil tsiku loyamba lomwe, poona mmene amaponyera mwendo wakumanzere poyenda.

“Nanga osandiuza bwanji, amayi?”

“Munthu amene akukupatsa chakudya sum'kumbutsa kuti unam'chapira matewera, bwana.”

Mawu akuti bwana anamupweteka kuposa zonse. Anagwada pansi, thalauza lake loyera likudetsedwa ndi fumbi la simenti, n'kumuuza kuti lero lomwe, pa phwando la Saniya, akakhala patebulo. Alefa anayang'ana chitenje chake chothetheka ndipo anakana. Adil anaumirira mpaka gogoyo anavomera, koma jumbo lake la biriyani sanalisiye. Analimanga pansalu, akuti ndi la ana, iye sakhudzako. Mu galimoto anaulula moseka kuti chiyambire dzulo masana m'mimba mwake munangolowa madzi otentha a mchere.

Ku Nyambadwe magalimoto anali atadzaza mpaka mumsewu. Pakapinga panali matenti awiri, lina la abambo, lina la amayi, monga mwa mwambo wawo. Atangotsika, miyendo ya Alefa inakhotera yokha ku kanjira ka m'mbali mwa mpanda kopita kukhitchini. Adil anamugwira mkono n'kumulozetsa kutsogolo. Asanafike pa tenti ya amayi, Aaliya anatulukira, golide ali ngwee m'khosi ndi m'manja. Anamupatsa moni Alefa mwansangala, kumufunsa za miyendo, kenaka anatembenukira kwa mlongo wake n'kuyamba kunong'ona m'Chigujarati. Anaiwala, kapena sanasamale, kuti gogoyo anamva chinenerocho kwa theka la moyo wake.

Aaliya anati mipando yonse ili ndi eni ake. Anati apongozi a Saniya ndi anthu oyang'ana chilichonse, ndipo mwanayo ndiye akavutike nazo ku Durban moyo wake wonse. Anati iye Adil sangalowe ku tenti ya amayi, ndiye gogoyu akakhala ndi ndani, akayankhula ndi ndani, si kumuchititsa manyazi kumeneko? Adikire kuseri pang'ono. Alendo akangotha kudya amuyalira tebulo lake m'nyumba, ndi nsalu yomwe.

Adil anayang'ana tenti ija, amayi ovala silika akuseka, kenaka anayang'ana mapazi a Alefa. Anatsekula pakamwa kuti akane. Nthawi yomweyo mlamu wake anamukodola kuti akulu akumudikira.

“Kanthawi kochepa chabe, amayi,” anatero Adil, osamuyang'ana m'maso. “Ndibwera ndekha kudzakutengani.”

“Pitani, bwana. Njira ndikuidziwa.”

Ku tenti ya abambo Adil anakhazikidwa pafupi ndi malume ake a mkwati, bambo wonenepa amene anali ndi mahotela ku Durban ndipo ankafuna kutsekula ina ku Blantyre. Bamboyo anali atamva za Nkhokwe. Anafunsa za mafiriji, za galimoto, za kuchuluka kwa anthu, n'kunena kuti hotela yake ikatsekulidwa chotsala chonse chizidzapita kwa Adil. Adil anaona m'maganizo mwake mzere wonse wa ku Limbe ukubwerera ndi majumbo odzaza. Anadziuza kuti kuimirira tsopano n'kutaya chakudya cha anthu ambirimbiri. Operekera chakudya anabwera ndi nyama yambuzi, anadya. Anabwera ndi zotsekemera, anadya. Wina anaimirira n'kuyankhula za iye, kumutcha bambo wa amphawi a mu Blantyre, ndipo tenti yonse inaomba m'manja. Kawiri konse anasuntha mpando kuti atuluke, kawiri konse wina anamugwira paphewa kuti ajambulitse naye chithunzi.

Pamene ankatuluka, dzuwa linali litapendekera ku Michiru. Anyamata a kampani ya matenti anali atayamba kupinda matebulo n'kumakweza mu lole. M'nyumba munalibe tebulo loyalidwa. Aaliya anali m'chipinda ndi mkwatibwi, akulira naye za ulendo wa ku Durban.

Adil anathamangira kukhitchini. Mapoto akuluakulu aja anali atavundikiridwa padzuwa, otsukidwa kale. Kingsford, wophika wa panyumbapo, anamuchingamira akupukuta manja. Anafotokoza kuti Twaha anafika nthawi yake, anakokolola zonse za m'mapoto, anamata tepi n'kunyamuka. Iye Kingsford ataona gogo wakhala nthawi yaitali milomo itauma, anapempha kuti atsekule chidebe chimodzi atapeko mbale imodzi yokha. Twaha anakana, anati akhoza kuchotsedwa ntchito.

“Lamulolo ndi lanu, bwana,” anatero Kingsford. “Ndiye ndangotolera zabwinoko m'mbale za alendo.”

Alefa anakhala pasitepe ya kuseri, miyendo yotupa ija ataitambasula, mfundo ya chakudya cha adzukulu ili pambali pake yosamasulidwa. Manja ake anali onyowa mpaka m'zigongono, chifukwa podikira anawathandiza atsikana kutsuka mbale. Pamiyendo pake panali mbale ya pulasitiki.

“Musadye zimenezo, amayi,” anatero Adil. “Ndiphikitsa china pompano. Kapena tipite kuhotela. Kapena mawa, mawa ndidzakonza bwinobwino.”

Alefa anamuyang'ana nthawi yaitali, mopanda mkwiyo, mmene ankamuyang'anira akaswa kapu n'kunamizira mphaka.

“Dzuwa lapita, Adilu. Ana sanadye, ndipo minibasi za ku Chilobwe zikwera mtengo kukada. Ndilibe mphamvu yofikira pa siteji m'mimba mulibe kanthu.”

Anaweramitsa mutu, anapemphera mwachidule, n'kuyamba kusankha mpunga pakati pa mafupa. Adil anaima pomwepo, m'mimba muli tho. Alefa anadya makombo a m'nyumba muja, kuseri kwa khitchini, mpaka mbale inayera.