Lona la Kanchhi

Anakumana pa siteji ya majipi ku Kurseong, mvula ikutsika ngati ili ndi mlandu ndi tauni yonse. Pramila Subba, mphunzitsi wa ana a pulayimale, anali ataima pansi pa ambulera yake pamene mnyamata wina wonyowa mpaka m'masokosi anangolowa osapempha.

"Achimwene, ambulera iyi munagulako mbali iti?"

"Pepani chemwali, yanga ndaisiyira Kanchhi. Iye sapirira mvula."

"Mkazi wanu?"

"Galimoto yanga," anayankha mosachita manyazi.

Uyu anali Dipen Moktan, wokonza mawotchi pamsika. Kanchhi inali galimoto yakalekale yopanda denga yomwe agogo ake anamusiyira, yobiriwira, ya mipando yachikopa, yoyaka ndi chitsulo chopukusa kutsogolo. Ife a ku Kurseong timaidziwa tonse, koma amene anaionapo ikuyenda ngowerengeka.

Chikondi chinayamba kuyaka, foni ya Pramila osapuma.

"Katsamba kanga ka tiyi woyamba, wadya?"

"Ndadya. Nanga Kanchhi wamufunditsa?"

"Usaseke, duwa langa. Mvula ikangotha, chikondwerero cha Dashain chikadutsa, ndidzakutenga pa Kanchhi mpaka pamwamba pa Tiger Hill. Kumwamba kudzakhala kuli mbee, phiri la Kanchenjunga lili poyera, ndipo pompo ndidzakupempha ukwati. Ndalumbira!"

Pramila anawerenga uthengawo mpaka kuuloweza. Ndi mtsikana uti sangasungunuke mtima?

Dashain inabwera, thambo linayera, anzake onse a magalimoto akale anakwera mapiri ataika maluwa pa mabonati. Dipen anati misewu ikadali ndi maenje a mvula. Chisanu chitafika anati injini ya Kanchhi imadwala chifuwa. Maluwa atayamba kuphuka m'mapiri anati ino ndi nyengo ya matalala, angamuboole utoto. Munthu uyu ankadziwa zolakwa za mwezi uliwonse pa kalendala!

"Zengerezu adalinda kwawukwawu," anatero amayi ake a Pramila akukulunga nyama m'timikate ta momo. "Mwana wanga, ukudikira mwamuna kapena nyengo? Dokotala wa mano wa ku Siliguri uja akufunsabe za iwe."

Pramila analira pafoni mpaka Dipen anagonja. Lamulungu lina la mu Meyi anatulutsa Kanchhi m'galaja. Pramila anavala sari, nsalu yake yofiira ija ya pa zikondwerero, nakhala pampando wachikopa mtima uli m'mwamba. Anayenda bwinobwino kudutsa minda ya tiyi, ana akuwathamangira, Dipen akuimba hutala ngati nduna.

Asanafike ndi ku Sonada komwe, dontho linagwera pa bonati.

Dipen anaponda buleki. "Tsika, tsika msanga!"

Anasolola lona kumbuyo n'kufunditsa Kanchhi yense, akumangirira ngodya iliyonse mwachikondi. Mvula inakhuthuka. Pramila anatsegula ambulera yake, ija inawakumanitsa ija.

"Wapamtima, tabwereka ambulerayo. Lona labooka pamwamba pa chiwongolero."

Pramila anamuyang'ana, namupatsa. Anaima pamsewu sari itamatirira thupi, utoto wa m'maso ukuyenderera m'masaya, msundu ukukwera pa kakolo. Zinamupweteka kwambiri, ndipo sikunali kuzizira kokha. Anaimitsa jipi yodzaza mabasiketi a nkhuku n'kukwera osacheuka.

Madzulo uthenga unalowa: "Wafika bwino, dzuwa langa? Usadandaule, mipando sinanyowe."

Pramila anayankha mawu awiri okha: "Mukwatire Kanchhi."

Mwezi womwe kuno timautcha Saun unafika, mvula yeniyeni ija yogumula mapiri. Atsikana anavala zibangili zobiriwira n'kumasala kudya Lolemba lililonse kuti apeze mwamuna wabwino. Pramila anasala nawo, koma pemphero lake linali lalifupi: aliyense, bola asakhale ndi galimoto.

Dipen anawonda. Mawotchi a anthu ankawabweza akuyenda chobwerera. Kenako Lachisanu lina, mayi wogulitsa tiyi pafupi ndi shopu yake anamuponyera nkhani.

"Iwe wa galimoto, wamva? Mawa amalume a dokotala wa mano akubwera kwa a Subba ndi botolo la kachasu wa raksi kudzafunsira ukwati. Bambo ake a Pramila akalilandira, basi, kamtsikana kapita. Iwe uzipukuta bonati."

Kwathu kuno botolo likalandiridwa, palibenso kukambirana. Dipen analemba uthenga, sunayankhidwe. Anaimba foni, inadulidwa. Kwa a Subba ndi kumtunda, kuseri kwa minda ya tiyi, ndipo m'mawa mwake madalaivala onse a majipi anakana kupitako chifukwa cha matope.

Anagula botolo lake la raksi, naitana amalume ake, natsegula galaja. Anayang'ana Kanchhi, anayang'ana thambo lakuda bii. Anapukusa chitsulo.

Amene tinaona tikusimbabe. Galimoto yopanda denga pakati pa Saun! Madzi anadzaza pansi pa mipando, botolo la raksi likuyandama pafupi ndi giya, amalume ake a Dipen atakhala kumbuyo akukapa madzi ndi chisoti chawo uku akutukwana mtundu wonse wa a Moktan, awo omwe. Pa chitunda chomaliza Kanchhi anatsokomola n'kuzima. Anamukankha.

Bambo Subba anatuluka pakhonde ndi kapu ya tiyi. "Kodi ndi anthu awa kapena ndi achule?"

Pramila anatulukira kumbuyo kwawo. Mtima unadumpha, koma nkhope anaiumitsa.

"Mwasochera, a Moktan? Ino si nyengo yoyendera."

"Ndikudziwa, katsamba kanga. Ndinadikira nyengo yabwino chaka chonse ndipo ndatsala pang'ono kukutaya. Kanchenjunga sikuoneka, chifunga chokhachokha, koma ndikupempha pompano. Bambo, chonde musalandire botolo la wa mano uja!"

"Botolo liti?" anafunsa bambo Subba. "Amalume a wa mano aja aimba foni m'mawa. Akuti msewu wa ku Siliguri ngoopsa, adzabwera mvula ikatha."

Dipen anatsegula pakamwa. Anacheukira Kanchhi, mipando yachikopa itatupa, matope mpaka m'nyale.

"Ndiye kuti ndamunyowetsa pa..."

"Maliza," anatero Pramila, akutsika masitepe kulowa mumvula wopanda ambulera. "Maliza ndimve."

Amalume anasiya kukapa madzi. Bambo Subba anasiya kumwa tiyi. Amayi anasuzumira pawindo.

Dipen anapita kumbuyo kwa galimoto n'kusolola lona lija. Aliyense anaganiza kuti matenda ayambiranso. Koma anadutsa Kanchhi osamuyang'ana, nalifunditsa pamutu pa Pramila, akumangirira ngodya zake pansi pa chibwano mwachikondi.

"Lili ndi bowo pamwamba," anatero Pramila, misozi ikusakanikirana ndi mvula.

Dipen anaika chikhatho chake pabowopo.

Bambo Subba anapukusa mutu, natambasula dzanja kwa amalume aja. "Bweretsani botololo kuno lisanayandame kubwerera ku Kurseong."