Kapepala Kokulungira Golide

"Ndiye ukuti ndakupatsira ndine? Taona thupi langali, Chenai. Wodwala angakumbe golide ku Kitsiyatota tsiku lonse?"

"Anesi akuti matenda opatsirana pogonana a klamidiyawa amabisala, Zakeyo. Munthu amatha chaka osamva kanthu. Akuti timwe mankhwala tonse awiri, apo ayi muzingondipatsiranso mpaka njira za chiberekero zitatsekeka."

Zakeyo anaseka, n'kumugwira chibwano. "Duwa langa, anesiwo akufuna kutipasulira banja basi."

Chenai anachotsa dzanjalo. Panali patatha miyezi khumi chithawireni kwa Zakeyo, tsiku limene bambo ake omubereka, kwawo ku Aerodrome, analumbira kuti asadzapondenso pakhomo pawo. Uthenga umene unamukoka unali udakali mufoni mwake: "Bwera, shuga wanga. Ndidzakusunga ngati golide wanga woyamba."

Lero akanapita kuti? Kwawo kunali kotseka. Kuno apongozi ankamupatsa moni wa m'mawa maso ali pamimba, kenako n'kuusa moyo mokweza.

"Kapepala ka kuchipatala ndinakupatsani Lolemba, koti mukaonetse kuti nanunso akupatseni mankhwala, kali kuti?"

"Ndinakulungira golide. Pepala lolimba ngati limenelija n'losowa kumgodi."

Anapisa m'thumba la ovolosi, n'kuponya kampukutu patebulo monyadira. Chenai anakafunyulula pang'onopang'ono. Timibulu tachikasu tinagubuduka. Koma kapepalako kanali kakale, kothimbirira ndi dothi lofiira. Chidindo chake chinali cha chipatala china, deti lake la chaka chatha, Chenai asanabwere m'nyumba muno.

Kake ka Lolemba kanali koyera, koma matenda olembedwapo anali omwewo.

"Aka anakupatsani ndani?"

Zakeyo anayang'ana kukhomo.

"Ndani, Zakeyo?"

"Loyce, amene ndinali naye kale uja. Koma sindinkamva kupweteka paliponse, ndiye ndinkati..."

Chenai anakhala pansi. Miyezi yonseyi akumeza misozi, akumwa zitsamba zowawa za apongozi, pomwe yankho linali m'thumba la mwamuna wake, likusunga golide!

"Usalire, mtima wanga. Loweruka ndikugulira diresi. Tanena, ukufuna chiyani?"

Chenai anasonkhanitsa timibulu tija, n'kumuikira m'dzanja. Kapepalako anakapinda, n'kukasunga yekha.

"Ndikufuna ndidzabereke, Zakeyo, kaya ndi inu, kaya si inu. Mankhwala anga ndikamalizira kwa azakhali ku Musana. Aka ndikuwaonetsa amayi anu ndisananyamuke, asiye kundiyang'ana pamimba."