Mawu a Malemu Amene Jovan Anafufuta

Tonse a kutchalitchi kwathu ku Toledo tinkasirira banja la a Pruitt. Bambo Lamont Pruitt ankayendetsa basi ya mumzinda, ndipo akazi awo, mayi Corliss, ankaphika kunyumba yosamalirako okalamba. Pakhomo pawo sipankamveka mkangano. Mwana wawo anali mmodzi yekha, Jovan, mnyamata waulemu, wanzeru pa zamakompyuta. Atapeza malo kukoleji, makolo ake anamupatsa ndalama zogulira laputopu.

"Yatsopano sitingakwanitse, mwana wanga," anatero bambo ake. "Pita kusitolo ija ya pafupi ndi laibulale, amagulitsa zakale zokonzedwanso bwino. Ukayese batire, ukayese mabatani onse, ndipo usachokeko wopanda risiti."

"Ndamva, bambo."

"Katundu wopanda risiti amakhala ndi mwini wake amene akumulira kwinakwake," anawonjezera mayi ake.

Jovan anapitadi kusitoloko. Laputopu imene ndalama zake zikanakwanira inali yolimba, koma yolemera ndiponso yokalikakalika. Anatuluka atakwinya nkhope, ndipo pamalo odikirira basi anakumana ndi Kip Danko, mnzake wa kusekondale amene anasiyira sukulu panjira. Atamufotokozera, Kip anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Aise, ukalowe m'kalasi utanyamula njerwa imeneyo? Atsikana akayesa wabwera kudzamanga khoma! Tiye ndikuonetse zinthu."

Kuseri kwa malo otsukira magalimoto, Kip anatsegula buti ya galimoto yake. M'bulangete munali malaputopu opyapyala, onyezimira. Mtengo wake unali theka la wa kusitolo.

"Nanga risiti?" anafunsa Jovan.

"Risiti umadya? Tenga katundu, zotsalazo ukagule nsapato. Taona zimene wavalazo, ngati za agogo ako."

Jovan anagula laputopu, anagulanso nsapato. Kunyumba ananena kuti risiti wataya m'basi. Bambo ake anamuyang'ana nthawi yaitali.

Pasanapite nthawi, Kip anabwera ndi malaputopu ena okhoma. "Iwe umazitha izi. Ungofufuta zonse zili m'katimo, uike pulogalamu yatsopano, uzitsatse pa intaneti kuti ndi zokonzedwanso. Tigawana."

"Zachokera kuti?"

"Dokotala amafunsa kuti wodwala wabwera pa basi yanji? Iwe sukuba ayi. Ndiwe wokonza chabe."

Mawu akuti "wokonza" anamukomera Jovan. Anayamba kujomba kukoleji. Lamlungu ankadandaula mutu kuti asapite kutchalitchi. Foni ikalira, ankathamangira panja kukayankha.

"Jovan, makompyuta onsewa ndi a yani?" anafunsa mayi ake tsiku lina atalowa kuchipinda kwake ndi zovala zochapa.

"Anzanga a kukoleji, amayi. Ndimawakonzera."

"Anzako amenewa bwanji sabwera okha kudzatenga? Mwana wanga, ine ndinakubala, ukanama khutu lako limagwedera. Usiyane naye Kip."

"Amayi, inu zamakompyuta simuzidziwa!"

"Zamakompyuta sindizidziwa, koma mbala ndimaidziwa."

Masana ena chisanu chitayamba, Kip anasiya laputopu ina. Pakona pake panali pophwanyika, pomatidwa ndi tepi yobiriwira. Jovan atayatsa, panatuluka chithunzi cha bambo wachikulire wovala chipewa, akuseka. Anali bambo Alvin Whitlock, amene ankatsogolera kwaya yathu, amene anamuphunzitsa Jovan kuimba ali mwana, ndipo anamwalira chaka chapitacho.

Jovan anamuimbira foni Kip. "Iyi ndi ya mayi Whitlock a kutchalitchi kwathu. Tiibweze."

"Ukaibweze, ukanene kuti yagwa kumwamba? Akafunsa za zinazo udzati chiyani? Ine ndikamira, timira tonse, abusa aang'ono. Wogula akudikira. Fufuta!"

Jovan anayang'ananso nkhope ija. Kenako anaphimba chithunzicho ndi dzanja limodzi, ndi linalo anadina batani. Zonse zinafufutika.

Lamlungu limenelo mayi ake sanamvere za mutu. Anamukhazika pakati pa iwo ndi bambo ake. Nthawi ya mapemphero itakwana, mayi Odessa Whitlock anaimirira atagwira benchi.

"Abale, mundipempherere. Anaswa galasi la galimoto yanga ndili mogula mankhwala, n'kutenga laputopu. Makinawo ndilibe nawo ntchito. Koma m'katimo muli mawu a amuna anga. Ali m'chipatala ankandiimbira nyimbo, ine n'kumajambula. Sindinasunge kwina kulikonse, sindinkadziwa kachitidwe kake. Madzulo aliwonse ndinkawamvera ndikamadya, kuti ndisadye ndekha. Laputopuyo ili ndi tepi yobiriwira pakona, Alvin anamata yekha. Amene waiona angoisiya pakhomo la tchalitchi. Sindifunsa dzina."

Mayi Corliss anali ataiona tepi imeneyo pabedi la mwana wawo. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kumuyang'ana. Jovan anaweramitsa mutu mpaka chipumi chinagunda benchi ya kutsogolo. Ine ndinakhala kumbuyo kwawo, ndinaona khosi lake likuchucha thukuta m'chisanu chonsecho.

Ali m'galimoto, bambo ake sanakweze mawu. "Ikadalipo?"

"Ilipo, bambo."

"Nanga mawu a a Whitlock?"

Jovan analira ngati khanda. Yankho linali lomwelo.

"Uinyamula wekha. Ugogoda wekha. Unena wekha."

Mayi Whitlock anatsegula chitseko, ndipo ataona tepi yobiriwira anafuula ndi chimwemwe, n'kumukumbatira Jovan. "Mwana wanga, Mulungu akudalitse! Waipeza kuti?" Asanayankhe, iwo anali atakhala kale pampando, akuyatsa. Panatuluka chithunzi cha mapiri achilendo ndi mawu olonjera mwini watsopano. Anadina apa, anadina apo.

"Alvin ali kuti?"

Jovan anagwada pakapeti n'kunena zonse: za Kip, za malaputopu enawo, za chithunzi chimene anachiona n'kuchizindikira.

"Unawaona?" anafunsa mayiwo motsitsa mawu. "Unaona nkhope yawo, n'kudinabe?"

"Inde, amayi."

Anatseka laputopuyo mosamala, ngati akufunditsa mwana. "Kukhululuka ndikhululuka, chifukwa ndinalamulidwa kutero. Koma lero tuluka m'nyumba mwanga."

Kuchoka pamenepo bambo ake anapita naye kupolisi. Kip anamangidwa. Jovan, poti anadzipereka yekha, khoti linamupatsa ntchito zothandiza anthu m'malo mwa ndende, koma malo ake kukoleji anatha ndipo dzina lake linalembedwa m'gulu la olakwa. Akatswiri anayesa kubweza mawu aja, osapeza ngakhale mzere umodzi wa nyimbo. Bambo Pruitt, amene anali dikoni patchalitchi pathu, anatula pansi udindowo. Mayi Corliss, amene kale ankaseka mokweza pakhomo la tchalitchi, tsopano amatuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Jovan amabwerabe kutchalitchi, amakhala benchi ya kumapeto. Analapa, ndipo tikukhulupirira kuti Mulungu anamulandira. Chipale chofewa chikagwa amakachichotsa panjira ya kunyumba kwa mayi Whitlock. Iwo amamugwedezera mutu pawindo, koma chitseko sanamutsegulirebe.

Achinyamata, tchimo silibwera litavala dzina lake. Limadzitcha mwayi, limadzitcha mtengo wotsika, limadzitcha kukonza chabe. Mukafuna chinthu, gulani poyera, kwa munthu wosaopa kulemba dzina lake. Kulapa kumatsuka mtima, inde, koma pali zinthu zimene mukawononga, ngakhale mulire misozi yodzaza mtsuko, mwini wake sadzazionanso.