Chitunda Chimene Madzi Ankachidziwa

Dzuwa linali litalowa kale pamene Getrude anauyamba ulendo wobwerera kwawo ku Kachulu, akukankha njinga yoduka tcheni. Tsiku lonse anakhala akusakasaka chitunda, koma chimene anapeza ndi kaphiri kamiyala kamene kanamudulira tcheniyo asanapalase n'kakhumi komwe.

Mtsikanayu anali katswiri pa mipikisano ya njinga, koma pamalo athyathyathya pokha. Kawiri konse analephera mayeso olowera timu ya chigawo chifukwa mpweya unkamuthera pachitunda. Kochi anamuuza mosapsatira mawu: "Kwatsala masabata atatu, ndipo aka n'komaliza. Kapeze chitunda chachitali, chokwera pang'onopang'ono, choti uzipalasa ola lathunthu osapuma." Kunena n'kosavuta! Ku Chilwa, kumene ngakhale chulu amachipatsa ulemu wa phiri, chitunda choterocho akanachipeza kuti? Mtima unkamupweteka kwambiri, ndipo anayamba kuganiza zongoisiya njingayo.

Anafika pa kamlatho ka ngalande ya mpunga, pafupi ndi manda. Mdima wa ndiweyani. Achule analeka kulira. Zii.

Kenaka... kwii... kwii... kwii...

Njinga ina inkabwera kutsogolo kwake. Yopanda nyali. Linayamba kumupeza ndi fungo la matemba ouma, kenaka mwini wake: nkhalamba yaitali, ikukankha njinga yomanga dengu lalikulu. Mapazi ake sankamveka. Tsitsi linamuimirira Getrude. Anati athawe. Koma nkhalambayo inali itafika kale patsogolo pake.

"Achemwali," inatero nkhalambayo motsitsa mawu, "mwazungulira mokwana. Chitunda mukuchifunacho mwachiponda."

Mayo! Waiuza ndani?

"Ku... kunotu kulibe chitunda, agogo."

"Safunsa anadya phula. Inu mwafunsa maso, maso akunamizani. Funsani madzi. Tamverani."

Pansi pa mlathowo madzi ankayenda, osathamanga, osaima, kulowera kunyanja.

"Madzi sayenda popanda chitsetse. Kumene akuchokerako ndiye kumtunda. Mawa mumange thumba la mchenga pakaliyala, mulunjike ku Zomba, musaime. Ife a matemba msewu uno timaudziwa ndi ntchafu. Mukafika pa mtengo wa mango pali wokonza njinga. Mukamuuze kuti Gerishomo akupereka moni."

Getrude anawerama kuyang'ana madziwo. Poweramuka... msewu uli pululu! Munthu palibe. Njinga palibe. Ngakhale fungo la matemba. Liwiro lake mpaka kunyumba, osacheuka.

Usiku umenewo sanagone tulo. Koma mantha pawokha, masabata atatu aja pawokhanso. M'bandakucha analumikiza tcheni, n'kumanga thumba la mchenga, ulendo.

Poyamba anadziseka yekha. Si msewu wa masiku onse womwewu? Ankaupalasa kawirikawiri wopanda katundu, ndipo ukamulemera ankanamizira mphepo. Koma patapita theka la ola ntchafu zinayamba kutentha. Msewuwo sunamupatse mpata wopumira ngakhale pamodzi. Ola litakwana thukuta linali kamukamu, mtima ukugunda ngati mtondo. Anaumirira mpaka pa mtengo wa mango, ndipo atatsika anacheuka.

Nyanja ya Chilwa inali kumunsi, ikunyezimira, minda ya mpunga itayalana m'mbali mwake. Chitunda! Chachitali, chofatsa, choyambira pakhomo pake penipeni. Misozi ya chimwemwe inalengeza m'maso mwake.

Pansi pa mtengowo panali bambo wa imvi dzina lake Makisoni, akumanga masipoko.

"Mwadzuka bwanji, bambo? A Gerishomo akupereka moni."

Sipanala inagwa pansi.

"Mwati ndani, mayi?"

Getrude anafotokoza zonse: mlatho, dengu, madzi, thumba la mchenga. A Makisoni anayang'ana msewu wotsikira kunyanja.

"Amenewo ndi bambo anga," anatero. "Anakwera msewu uno zaka makumi atatu ndi dengu la matemba. Tinawaika m'manda a pamlatho aja chaka chimene nyanja inaphwa. Inu musanabadwe."

Thupi lonse la Getrude linachita tsemwe. A Makisoni anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kutola pampu.

"Madala aja sankataya mawu pa munthu waulesi. Bweretsani njingayo ndiipope. Mawa mubwerenso, muwonjezere mchenga."