Usiku Umene Geti Linali Lokhoma

Chimene chinayamba kuwadabwitsa Alandilodi ndi madontho a oyilo. Anali atatu, akuda bii, osauma, pamalo oimikapo galimoto pafupi ndi geti. Koma chichokereni Adalaivala, panali patatha milungu itatu pasanaime galimoto iliyonse pamalopo.

Adalaivala anali bambo wachikulire, wopanda mkazi kapena mwana, amene anachita lendi chipinda chakumbuyo kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankayendetsa takisi yakale yotuwa. Mkangano wawo ndi Alandilodi unayambira pa zinyalala. Pakhomopo panali mabini atatu: la mabotolo, la mapulasitiki ndi la zotsala za chakudya. Otola zinyalala akapeza zasakanikirana ankangozisiya, ndipo pakhomo pankanunkha mlungu wathunthu. Alandilodi analoza chala Adalaivala. Kenako mwana wawo wamkazi atanena zoti akufuna kugula galimoto, malo aja nawo anakhala nkhani.

"Malowa munandipatsa nokha, achimwene," anatero Adalaivala modzichepetsa.

"Ndakulandaninso ndekha. Pakhomo panga si padzala. Longedzani."

Adalaivala anaika matiresi ndi katoni ya mbale m'takisi muja, n'kupita akutsokomola.

Tsopano mmawa uliwonse mabini ankapezeka osankhulidwa bwinobwino, mabotolo atatsukidwa, zivindikiro zili pazokha. Ena onse ochita lendi pakhomopo anakana kuti si iwo. Mphekesera zinayamba kuyenda kumpopi. Ena ankati Adalaivala anakwirira kanthu pamalo paja asanachoke. Mayi wina wogwira ntchito m'saluni analumbira kuti anaona chinthu chachitali chitawerama pamabini, chopanda nkhope.

Usiku wa Lachiwiri Alandilodi sanagone. Magetsi anali atazima, mdima uli ndiii, moti ngakhale chikhatho chawo sankachiona. Nthawi itapita ndithu, anamva mahinji a geti akulira pang'onopang'ono, ngati munthu akuopa kudzutsa khanda. Kenako matayala anayamba kuphwanya timiyala, khwa, khwa, koma injini osamveka, nyali osayaka. Panakhala bata. Ndiyeno mabotolo anayamba kugundana, ngwe, ngwe, limodzi ndi limodzi.

"Amayi," ananong'oneza, akugwedeza mkazi wawo. "Mukumva?"

"Ndi amphaka amenewo. Gonani, bambo."

"Mphaka amatsegula geti?"

Mayiwo anatembenukira kukhoma.

Lachitatu zinachitikanso chimodzimodzi. Alandilodi anagwira chikwanje n'kufika mpaka pachitseko, koma anabwerera osatsegula. Kutacha anakagula loko watsopano wa pageti, makiyi onse atatu n'kuwaika m'thumba la thalauza lawo.

Usiku wa Lachinayi kunagwa mvula yowaza, yozizira mpaka m'mafupa. Pakati pa usiku geti linagwedezeka kamodzi. Kenako kunamveka kugogoda. Sikunali kwa ukali ayi. Kunali kwa munthu waulemu, katatu, n'kudikira. Katatunso, n'kudikira.

Mayi aja anadzuka n'kukhala tsonga.

"Bambo, katsegulireni," anatero. "Ndi Adalaivala."

"Mwati chiyani?"

"Nyumba sanaipeze. Akugona m'galimoto. Kumsewu anawachitapo chipongwe akuba, ndiye ndinawapatsa kiyi. Amazimitsa injini pakona n'kukankha galimotoyo okha kuti musadzuke. Mbandakucha amachoka. Za mabinizo akuti ndi zikomo wawo."

Alandilodi anadzuka n'kukhala m'mphepete mwa bedi.

"Ndipo zinyalala zija ankasakaniza si iwo," anapitiriza mayiwo akulira. "Ndine. Masowa sakuonanso bwino madzulo, ndinkachita manyazi kukuuzani. Iwo anandipezapo kawiri, koma sananene."

Kugogoda kunamvekanso, tsopano chapansipansi.

Makiyi anali m'thalauza, pampando, pafupi ndithu. Alandilodi anafika powakhudza. Koma manyazi anasanduka mkwiyo, poganiza kuti mkazi wawo ndi munthu wa lendi anawapusitsa pakhomo pawo pomwe.

"Munthu ndinamuthamangitsa masana, azilowa usiku ngati fisi? Abwere mawa kukacha, tidzakambirane ngati akuluakulu."

"Bambo, kunja kukuzizira, munthuyo akudwala chifuwa."

"Ndati mawa."

Anafunda bulangete mpaka kumutu. Anawerenga kugogoda kuja kasanu ndi kawiri, kenako kunasiya.

Mmawa takisi yotuwa ija inali itaima kunja, mphuno yake itatsala pang'ono kukhudza geti. Magalasi anali ndi nkhungu. Adalaivala anali pampando wawo, mutu utatsamira pachiwongolero, jekete atalimanga mabatani mpaka m'khosi. Alandilodi anagogoda pagalasi, anaitana, anakoka chitseko. Thupi linali litauma kale.

Anthu atasonkhana, Alandilodi anakhala pansi m'matope, manja ali kumutu.

"Ndawapha ndine," ankangobwereza. "Anagogoda usiku wonse, ine ndili gone."

Mlonda wa sitolo yoyang'anizana ndi getilo, munthu wosalankhulalankhula, anawayandikira n'kuvula chipewa.

"Pepani bwana, musadzipweteke choncho. Galimotoyi inafika cha m'ma seveni madzulo, mvula isanayambe. Anaona loko, anabwerera m'galimoto. Ine ndinali pakhonde apo mpaka kucha, maso ali pompano. Chitseko cha galimotoyi sichinatsegukenso."

"Nanga anagogoda ndani?"

Mlondayo anayang'ana pansi. "Kugogodako ndinakumva nanenso, bwana. N'chifukwa chake sindinasunthe."

Maliro anayendetsa Alandilodi okha, popeza wachibale sanapezeke. Mwana wawo atabwera ndi galimoto yake yatsopano, anamuuza kuti aziimika kwa anzake. Kuyambira pamenepo Alandilodi sagonanso kuchipinda. Amakhala pampando wa pabalaza, nsapato zili kuphazi, khutu lili kugeti. Mkazi wawo akawadzutsa kuti akagone, amangopukusa mutu.

"Ndikufuna akagogoda kamodzi kokha, ndikhale nditafika kale."

Mpaka lero palibe amene wagogoda.