Kanyerere Akwecha Sola ndi Mchenga

Mtsikanayu ankamutcha Kanyerere. Sankakhala pansi. Akaona mbale, ankatsuka. Akaona poto, ankakwecha.

Kanyerere ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna bambo ake akhale ndi mphamvu.

Bambo ake ankadwala shuga. Mankhwala awo ankakhala m'firiji. Mankhwalawo akatentha, amawonongeka. Firiji inkayendera sola. Solayo inali kuseri kwa nyumba. Inali yakale, yagalasi, yolemera ngati chitseko.

Tsiku lina Kanyerere anaona fumbi pa sola.

"Ndiikwecha iwale ngati poto," anatero.

Anatapa mchenga. Anatola mwala. Anakwecha, anakwecha, anakwecha. Sanafunse munthu.

Galasi linachita mbuu. Kenako linang'aluka.

Pofika masana firiji inali zii. Amayi anagwira kabotolo ka mankhwala.

"Kayamba kufunda," anatero motsitsa mawu.

Anakakulunga m'nsalu yonyowa. Nsalu inauma. Ananyowetsanso. Inaumanso.

Bambo anali gone pabedi. Milomo yawo inali youma.

Kanyerere anachita mantha kwambiri. Anabisa manja kumbuyo. Koma mchenga unali m'zikhadabo.

Anathamangira kwa azakhali ake. Azakhaliwo ankakonza masola.

"Azakhali, ndapha sola," anatero akulira. "Ndaikwecha ndi mchenga. Kodi ababa afa?"

Azakhali anayang'ana zala zake.

"Safunsa anadya phula, mwana iwe," anatero. "Koma wachita bwino kunena msanga. Nyamula ichi."

Chinali chinthu chakuda, chopindidwa ngati mphasa. Chinali chopepuka.

"N'chiyani ichi, azakhali?"

"Ndi sola yatsopano. Ilibe galasi. Imapindika, koma sisweka."

Kanyerere anaisenza yekha. Anathamanga. Azakhali ankabwera m'mbuyo ali wefuwefu.

Anaiyala padzuwa. Azakhali analumikiza mawaya. Onse anadikira.

Firiji inali zii. Inali zii ndithu.

Kenako inayamba kung'ung'udza.

Kanyerere anakhala pansi pafupi ndi firiji. Aka kanali koyamba kumuona atakhala pansi. Anadikira mpaka dzuwa litapendeka.

Amayi anatulutsa kabotolo kaja. Anakagunditsa patsaya pa Kanyerere.

"Kakuzizira," anatero Kanyerere.

Bambo analandira mankhwala awo. Kenako anamuitana.

"Pepani, ababa," anatero Kanyerere.

Bambo anagwira dzanja lake. Anachotsa mchenga m'zikhadabo zake, chala chimodzichimodzi.

"Mchenga ndi wa mapoto," anatero. "Mawa tikapukuta sola ndi kansalu kofewa. Tikapukuta tonse awiri."